Chikuta cha Makoswe Oyera

MUTU 5

1. Chikhoti choyera

Ku Nangongwe, komboni ya mu Kafue, kunalibe munthu amene sanadziwe kuti Jasmine Miti wapatsidwa chikhoti choyera. Akanalephera bwanji kudziwa, poti mwiniwake ankachivalira kunyumba n'kuyenda nacho mpaka pa siteji ya minibasi? Mphepo ya Ogasiti inkamuthira fumbi, koma sankavula. Amayi ogulitsa tomato akamupatsa moni, iye ankangokweza chala chimodzi ngati munthu amene wachedwa kukachita opaleshoni. Madzulo chikhoticho chinkabwera chofiira, ndipo wochapa anali mayi ake.

Tisamunamizire, mutu anali nawo. Ali giredi 11 anaposa anzake onse pa bayoloje, ndipo n'chifukwa chake anasankhidwa kukathandiza pa tchuthi ku nyumba ina ya kafukufuku, kuseri kwa mafakitale akale a mu Kafue. Mkulu wa pamalopo, a Dokotala Chimuka, anamulonjeza kuti akagwira bwino ntchito adzamutenga ku Lusaka ku msonkhano wa ophunzira sayansi. Jasmine anali atauza kale Nangongwe yense za ulendowo, ngakhale amene sanamufunse.

Chimene sankauza anthu ndi ntchito yeniyeniyo. Ntchito yake inali kutsuka mabotolo a madzi ndi kutaya utuchi wonunkha wa makoswe oyera.

Makoswewo anali a kafukufuku wa Agatha, mtsikana wa ku Shimabala amene ankamaliza digiri yake yachiwiri. Agatha anatha zaka ziwiri akuwaweta. Ankakhala pa kampando kolimba tsiku lonse, kuyang'ana makoswe aakazi akuyamwitsa, mpaka msana unayamba kumuvuta. Anawasiyanitsa m'magulu awiri. Amene ankanyambita ana awo kwambiri anawaika m'mabokosi a tepi ya buluu, ndipo aulesi pa kunyambita anawaika m'mabokosi a tepi yofiira.

Sabata imeneyo makoswe onse anali ataswa. Lolemba kunkabwera galimoto kudzatenga tizidutswa ta ubongo wa tiana tawo kupita nato ku makina a ku Lusaka. Tiana timeneti tinali tomaliza. Zikanalephereka, Agatha akanadikira chaka china chathunthu.

Chipinda cha makoswe oyamwitsawo a Dokotala ankachitchula kuti chikuta, monga mmene timatchulira nyumba imene mayi ndi khanda amabindikiramo mchombo usanagwe. Jasmine dzinalo linkamunyansa. Ankati munthu wophunzira kunja sayenera kubweretsa mawu a kumudzi mu labu.

2. Kiyi

Lachisanu masana a Dokotala anamuitana. Anamuuza kuti mawa lake iwo adzakhala ku Lusaka, ndipo Agatha adzakhala ku maliro a amalume ake ku Shimabala. Anatulutsa kiyi wa chikuta, koma sanamupatse msanga.

"Mvela bwino, Jasmine, chifukwa sinizabwezapo," anatero a Dokotala. "Nchito yako mailo ni imozi chabe. Ungene, uone ngati manzi na vakudya vilipo, uchoke. Usazole pafyumu. Usayashe foni. Usangenese muntu aliyense, olo akhale m'busa wako. Koposa vonse, usagwile kamwana olo kamozi.

"Uziba chifukwa? Mu bongo ya kamwana ka koswe muli malangizo ya chibadwa yambili, monga mabuku pa shelefu. Yena ni yosegula, yena ni yotseka. Pali imozi yamene itandiza bongo kuzimya manta ngozi ikapita. Mai akanyambita kamwana maningi mu wiki yoyamba, iyo buku iseguka bwino, ndipo kamwana kakula na mutima wofasa. Mai akakhala waulesi, buku ikhala yotseka, ndipo kamwana kakula kozizimuka na chilichonse. Ivi ndiye vamene ba Agatha bafuna kupima mu bongo.

"Manje ona. Ukagwila kamwana, mai achinja kasamalidwe kake, ndipo sitizaziba ngati tipima lilime ya mai olo kwanja yako. Choipa maningi ni kusakaniza. Ukatenga kamwana ka mu buluu n'kukaika mu redi, palibe muntu pa ziko azaona, olo ine. Tonse tuoneka chimozimozi. Makina yazatipasa manambala yooneka bwino koma yaboza, ndipo ise tizayalemba kuti bantu bena bakhulupilile. Aliyense muno analakwisapo. Ukalakwisa, kamba pamene apo, tizaona vochita. Chamene sinikhululukila ni kubisa."

Jasmine ankagwedeza mutu ngati akumva, koma maso anali pa kiyi. Atamulandira anamumangirira pa chingwe cha m'khosi, kunja kwa chikhoti, kuti aliyense mu minibasi amuone.

3. Za kumudzi

Kunyumba nako kunali chikuta. Mkulu wake wa Jasmine, Felistus, anali atangobereka mwana wamkazi, ndipo mayi awo anamubindikiritsa m'chipinda cha kumbuyo. Mayiwo anabadwira ku Katete, kum'mawa kwa dziko. Anabwera ku Kafue atakwatiwa ndi mwana wa munthu wogwira ntchito ku njanji, ndipo zaka zonsezo m'tauni sizinawasinthe lilime kapena khalidwe.

Jasmine atafika analunjika kuchipindako, foni ili m'manja. Ankafuna kujambula khandalo ali ndi chikhoti choyera, kuti anzake aziti wayamba kale kuona odwala. Mayi ake anaima pachitseko.

"Bwerera, iwe," anatero. "Mwana wa masiku ochepa si chidole. Panopa akufuna thupi la amake, fungo la amake, ndi bata basi. Wachokera ku msewu, wagwira ndalama za kondakitala, wazola zonunkha zakozo, ndiye ukufuna kumupakata? Udzamupakata mchombo ukagwa, ndipo udzatopa naye.

"Koma ndikuuze chimene chikundidetsa nkhawa, mwana wanga. Nzeru uli nazo, ndipo ndimathokoza Mulungu. Vuto lako n'lakuti chilichonse chimene wapatsidwa ukufuna anthu akuonere. Akupatsa chikhoti, wapita nacho ku msika. Lero akupatsa kiyi, wamupachika m'khosi ngati mendulo. Munthu akakupatsa kiyi sanakupatse nyumba, wakupatsa ntchito yolondera. Anzako a ku Estates amene ukufuna kuwasangalatsawo, tsiku limene udzagwe m'mavuto sudzawaona. Adzakhala ali kwawo akuonera TV, iwe uli wekha pamaso pa akuluakulu."

"Va kumunzi," anatero Jasmine chapansipansi, n'kutsonya.

Pa chakudya panali mbewa zouma zimene amalume ake anatumiza kuchokera ku Katete. Chaka chatha Jasmine ankalimbirana mitu ndi Felistus. Tsiku limenelo anakankha mbale n'kunena kuti wasayansi sadya zinthu zotere. Mayi ake sanamunyengerere. Anadya gawo lake la mbewa, Jasmine n'kudyera mchere.

4. Alendo

Loweruka m'mawa Jasmine sanadzere njira yachidule. Anazungulira dala ku Kafue Estates, kwa anthu opezako bwino, pa kashopu pamene Boyd ndi Taizya ankakonda kukhala. Awiriwa anali a m'kalasi mwake. Boyd anali mnyamata wa pakamwa, wodziwa dzina la foni iliyonse koma wolephera masamu. Taizya anali mtsikana amene ankathera tchuthi pa zikhadabo. Sabata imeneyo anali atamata zazitali, zobiriwira, zothira tinthu tonyezimira, moti ngakhale botolo la chakumwa ankachita kumutsegulira.

"Shani, ba dokota ba makoswe!" anakuwa Boyd. "Imwe ba kum'mawa mwapeza nchito yanu manje. Muweta ndiwo mu ofesi. Ba bosi baziba kuti basiya kiyi na muntu wa ku Katete?"

Taizya anaseka chikhakhali. Ananena kuti msuweni wake anamuona Jasmine akutaya utuchi kuseri kwa mpanda, ndiye za udokotalazi zinali zongodzipopa.

Nthabwala za mbewa n'zakale, ndipo wa kum'mawa aliyense amadziwa kubweza. Jasmine akanatha kungoseka n'kupitirira. Koma mawu a utuchi aja anamulasa, chifukwa anali oona. Anagwira kiyi wa m'khosi n'kuwauza kuti ngati ali ndi mtima amutsate, akaone okha zimene munthu wotaya utuchi amatsegula.

Mlonda wa pageti anawayang'ana mokayika. Jasmine anamuuza mwachizungu kuti awa ndi ophunzira amene a Dokotala awalola. Munthu wamkuluyo anaona chikhoti ndi kiyi, n'kutsegula.

M'chikuta munali kachisisira ndi bata. Mabokosi anali pa mashelefu awiri, a buluu ndi ofiira mosakanikirana, monga mmene Agatha anawaikira kuti onse azilandira kuwala ndi mphepo mofanana. Pafyumu wa Taizya anadzaza chipinda chonse asanatseke n'chitseko chomwe.

Jasmine anayamba kuphunzitsa. Anabwereza mawu a a Dokotala a mabuku pa shelefu ngati anawapeka yekha, ndipo mbali ya chenjezo anaidumpha. Boyd anayasamula. Anati zonsezo n'zolankhula chabe, wasayansi weniweni amagwira ndi manja.

Basi, mawu amenewo anakwanira. Jasmine anayamba kutsegula mabokosi, ili n'kutseka, ilo n'kutseka, kufunafuna tiana tooneka bwino pa kamera. Anatenga titatu mu bokosi lina lofiira n'kutiika m'dzanja lake lamanzere. Tinali tofunda, topanda ubweya, maso otseka, kukula ngati chala chaching'ono. Kenaka anatsegula bokosi lina la buluu n'kuuza Taizya kuti atengemo titatu, kuti aonetse magulu onse awiri pa vidiyo. Boyd anayatsa tochi ya foni.

Taizya anatola titatu monyansidwa, n'kubwezanso dzanja kuti asinthe kamodzi kamene ankati n'koipa nkhope. Mayi wa tianato sanadikire. Anadumphira dzanjalo mano ali pamtunda. Taizya anakuwa, anamenyetsa zala m'mphepete mwa bokosi, n'kutaya tiana pa tebulo. Pothawa anagunda chigongono cha Jasmine, ndipo tiana ta m'dzanja lake tinagweranso pomwepo.

Pa tebulo panali tiana tisanu ndi kamodzi, tikukwawirana pamodzi kufuna kufunda. Jasmine anatiyang'ana kumutu, anatitembenuza, anatiyang'ana kumimba. Panalibe ka buluu, panalibe kofiira.

"Bweza chabe tutatu uku, tutatu uko," anatero Boyd, ali kale pachitseko. "Koswe ni koswe. Ndani azapenda?"

Jasmine anatola titatu timene tinali pafupi n'kutiponya mu bokosi la buluu lija, poti linali lidakali lotsegula. Totsalato anatiika mu bokosi lofiira limene ankaganiza kuti ndi lomwe lija. Anatseka mabokosi onse awiri. Anathira madzi m'mabotolo mothamanga, anatsegula zenera pang'ono kuti fungo lituluke, n'kukhoma.

Panjira Taizya ankadandaula za dzanja lake, kuti ntchito ya saluni yawonongeka. Jasmine sanamve n'komwe. Atafika pa mphambano awiriwo anakhotera ku Estates osatsanzika, Boyd akuseka kuti lero waona mbewa ikuthamangitsa munthu.

5. Foni ya Agatha

Masana a tsiku lomwelo foni inalira. Anali Agatha, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo za maliro. Mawu ake anali otopa. Anapepesa chifukwa chomuvutitsa, n'kunena kuti mtima sunali m'malo, wangotuluka pang'ono m'nyumba ya siwa kuti amve za tiana take.

Apa mpata unalipo. Agatha akanauzidwa nthawi yomweyo, akanakwera minibasi n'kufika dzuwa lisanalowe. Jasmine akanamusonyeza mabokosi amene anatsegula akadali kuwakumbukira pang'ono, awiri kapena atatu akanachotsedwa, ndipo otsalawo akanapulumuka. Koma ulendo wa ku Lusaka ukanathera pomwepo, ndipo Nangongwe yense akanamva chifukwa chake.

"Vonse vili bwino, ba Agatha," anatero Jasmine. "Musade nkhawa."

Agatha anamuthokoza kawiri. Anati akadzalemba buku lake, dzina la Jasmine lidzakhala pa tsamba la othokozedwa.

Lamulungu Jasmine sanavale chikhoti. Sanapite kutchalitchi, anati mutu ukumupweteka. Anakhala pakhonde, pomwe kudzera pa chitseko chotsegula pang'ono ankaona Felistus akusisita khanda kumsana mpaka litagona. Mayi ake anamufunsa ngati kuntchito kuli bwino. Anayankha mwaukali kuti za kuntchito kwake iwo sangazimve. Mayiwo anangomuyang'ana n'kupitiriza kusenda nyemba.

6. Lolemba

Lolemba m'mawa galimoto ya ku Lusaka inali itaima kale pageti, bokosi la ayezi lili kumbuyo. Agatha anafika maso ali ofiira ndi maliro, koma nkhope inali yowala. Anayala timipeni ndi timachubu pa tebulo lomwe lija, n'kumata tepi ya buluu pa tina, yofiira pa tina.

A Dokotala anali ndi mwambo wawo. Ntchito yodula isanayambe, ankaimiritsa onse n'kufunsa funso limodzi, ndipo aliyense ankayankha payekha. Anafunsa ngati alipo amene analowa m'chikuta mosayenera kapena kugwira kanthu. Agatha anati ayi. A Dokotala anatembenukira kwa Jasmine.

"Palibe, ba Dokota," anayankha Jasmine. Anawayang'ana m'maso momwe, chifukwa anali atayeserera pagalasi.

A Dokotala anamwetulira. Anati popeza walondera bwino, lero sataya utuchi, aima pafupi ndi Agatha n'kumamupatsira machubu. Anawonjezera kuti dalaivala yemweyo ndi amene adzawatenge popita ku msonkhano uja. Mtima wa Jasmine unatsika, ndipo kadyonkho ka matama kanayambanso kubwerera. Anakonza kolala ya chikhoti.

Agatha anavala magolovesi n'kutsitsa bokosi loyamba la buluu. Anachotsa mayi mosamala n'kumuika padera. Kenaka anayamba kufukula chisa, poti khoswe woyamwitsa amakokera chilichonse chimene wapeza kuti afunditse ana ake. Dzanja lake linaima.

Pakati pa tiana, mu utuchi, panali chinthu chobiriwira chonyezimira.

A Dokotala anachitola ndi kapani n'kuchiika pa mbale yoyera. Chinali chikhadabo chomata, chachitali, chotafunidwa mbali imodzi. Kunja dalaivala analiza hutala.

"Agatha, usadule olo kamozi," anatero a Dokotala. "Jasmine, onesa manja."

Jasmine anatambasula manja. Zikhadabo zake zinali zazifupi, zowengedwa bwino monga mwa lamulo la pamalopo.

"Si chako," anatero a Dokotala, mawu ali pansi. "Ndiye kuti munali muntu wina, ndipo kiyi inali imozi. Nakufunsa manje manje, wanikana mu maso. Vula chikhoti, uike pa tebulo na kiyi."

Jasmine anavula. Mkati anali atavala bulauzi yakale ya sukulu yong'ambika kukhwapa, imene sankayembekezera kuti wina aiona.

Agatha sanakalipe ndipo sanalire. Anakhala pa kampando kake kolimba kaja, magolovesi ali m'manja, n'kumuyang'ana mtsikanayo ngati mng'ono wake.

"Jasmine, vina vonse tizakamba pambuyo," anatero. "Nitandize chabe na chimozi, mwina tingapulumuse yosala. Nionese mabokosi yamene munasegula."

Hutala inaliranso. Jasmine anatembenukira ku mashelefu. Tsopano ankafunadi kunena zoona, ndipo anakweza chala kuti aloze. Chalacho chinayenda pa bokosi lofiira loyamba, chinapita pa lachiwiri, chinabwerera, chinatsikira pa shelefu ya pansi. Onse anali ofanana, ndipo m'kati mwa lililonse tiana tinkayamwa mwakachetechete.

"Sinikumbukila, ba Agatha," anatero.

Agatha anavula magolovesi pang'onopang'ono n'kuwapinda. A Dokotala anatsegula chitseko, anauza mlonda kuti akauze dalaivala abwerere wopanda kanthu, kenaka mlondayo apite ku Nangongwe akaitane mayi ake a Jasmine.